Chifukwa chake katundu amafika pageti ku Area 47 koma osati ku Mtandire

Boma la Kamuzu Banda litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968. Ndalama zoyambira zinali ngongole yochokera ku South Africa ya nthawi ya tsankho, ndipo ojambula pulani ya mzindawo anachokeranso komweko. Pamene Lilongwe inkakhala likulu mu 1975, malo anali atagawidwa kale potengera thumba la munthu. Akuluakulu anapatsidwa mapuloti aakulu ku Area 10 ndi Area 12, ogwira ntchito wamba anapanikizana ku Kawale ndi Area 25. Osowa puloti, kuphatikizapo alonda ndi antchito a m'nyumba za mabwana omwewo, anakapempha malo kwa mafumu. Mtandire, Kauma ndi Chinsapo anakula motero, popanda woyeza misewu.

Positi ofesi nayo sinkabweretsa makalata pakhomo. Wolemera ankalipira bokosi lake, wosauka ankadalira bokosi la sukulu, la tchalitchi kapena la kuntchito.

Lero malonda ali pa WhatsApp ndi Facebook, koma malire aja sanafufutike. Wakabaza akapatsidwa nsapato zopita ku Area 47 amauzidwa sekita ndi nambala ya nyumba, amaliza hutala pageti, basi. Nsapato zomwezo zikhale za ku Mtandire, komwe ndi kuseri chabe, malangizo ake ndi akuti: “Mukadutsa pachigayo mukhote kumanja, mukafika pamjigo muimbe.” Aimba kangapo, mayunitsi akutha, ndipo ikakhala nthawi ya dzinja njinga ititimira m'matope. Ulendo wina alipiritsa zambiri, ndiye wogula amangoti akatenga yekha kutauni. Chimandipweteka n'chakuti wopeza zochepa ndi amene amawonjezera ya minibasi ndi kutaya theka la tsiku.

Makampani onyamula katundu akaona mabuku awo amaganiza kuti m'makwalalamu mulibe makasitomala. Akulakwitsa. Katundu amalowa tsiku lililonse: thumba la ufa lochokera kumudzi lopatsidwa kwa kondakitala, zikwama zotumizidwa ndi achibale a ku Joni, mabelo a kaunjika. Kungoti amadutsa m'manja mwa anthu odziwana, popanda lisiti.

Lamulo la zamtokoma ndi kufalitsa mauthenga la 2016 linapatsa MACRA, bungwe la boma loyang'anira zamtokoma ndi mauthenga, udindo wokonza maadiresi a dziko lonse, ndipo zikwangwani za mayina a misewu zinayamba kuoneka m'mizinda. Kukhoma chikwangwani pamsewu woyezedwa kale n'kosavuta. Ntchito yeniyeni ili m'tinjira ta ku Mtandire ndi Chinsapo, m'madera osayezedwa momwe mumakhala anthu oposa theka la mzinda wonse.