Felemu ya kaboni kapena ya aluminiyamu: ndalama zanu zipite pati?

Munthu akatopa ndi njinga yake yoyamba yothamangira pamsewu, maso amathamangira ku kaboni. Koma kusiyana kwa kulemera sikwakukulu monga ambiri amaganizira. Felemu yabwino ya kaboni imalemera magalamu 800 mpaka 1,000, pomwe ya aluminiyamu wa mtundu wa 6061 kapena 7005 imakhala pakati pa 1,200 ndi 1,400. Kusiyanako n'kofanana ndi botolo limodzi la madzi.

Mtengo ukakhala umodzi, njinga ya kaboni nthawi zambiri imabwera ndi magiya otsika mtengo ndi mawilo olemera, chifukwa ndalama zathera pa felemu. Apa ndi bwino kutenga ya aluminiyamu yokhala ndi magiya ngati Shimano 105 ndi mawilo abwino. Ngati vuto lanu ndi kugwedezeka pamsewu wokumbika, matayala a mamilimita 28 kapena 30, osapopa mpweya wothina kwambiri, adzakuthandizani kuposa kusintha felemu.

Kaboni ili ndi ubwino wake: opanga amatha kuilimbitsa pomwe mwendo ukupondera, n'kuifewetsa pansi pa chishalo. Imafuna chisamaliro basi. Imapangidwa ndi timiyalo ta ulusi tomatidwa ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy, ndipo ikagundidwa mwamphamvu timiyaloti timatha kulekana m'kati penti ili bwinobwino kunja. Njinga ikagwa, gogodani pang'onopang'ono ndi ndalama yachitsulo. Pamalo owonongeka pamamveka phokoso logontha, losiyana ndi pena ponse. Mukakayika, musaikwere mpaka katswiri aione. Mabawuti a handulo ndi a chishalo mangani ndi sipanala yoyeza mphamvu, potsatira nambala yolembedwa pachipangizocho, kawirikawiri 4 mpaka 6 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bawuti). Kumanga mongoyerekeza ndi dzanja kumang'alula paipi. Kuti paipi ya chishalo isamatsetsereke, pakani phala lapadera loletsa kutsetsereka lotchedwa carbon paste, osati girisi wamba.

Aluminiyamu ikavulala imaonekera: imapindika kapena kulowa m'kati. Ikakalamba, ming'alu imayambira m'mbali mwa mowotcherera, choncho muziyang'ana pamenepo mukamatsuka. Kuiwotchereranso kumaifooketsa, chifukwa moto umachotsa kulimba komwe inapatsidwa kufakitale. Chodabwitsa n'chakuti kaboni yong'aluka akatswiri amatha kuikonza bwino.

Pogula ya kaboni yogwiritsidwapo kale ntchito, zulani foloko muone paipi yake pomwe pamamangidwa handulo, chifukwa mng'alu wa pamenepo suoneka njinga ili yomanga.