Kusumira boma ku America: ndege ya 1945 ndi chiganizo chomwe chikuvutabe

Mu June 2025 majaji onse 9 a khoti lalikulu ku America anagwirizana kuti mlandu womwe banja lina la ku Atlanta linasumira boma uwunikidwenso. Banjali a FBI, apolisi ofufuza milandu a boma la America, analithyolera chitseko m'bandakucha mu 2017, mfuti zili m'manja, mwana wa zaka 7 ali m'nyumbamo, kenako n'kuzindikira kuti alakwitsa nyumba. Zaka 8 zonsezo sanali kukangana za kukula kwa chipukuta misozi ayi, ankakangana ngati khoti lili ndi mphamvu yomva dandaulo lawo n'komwe.

Zinayambira kutali. Amerika anatengera kwa Angelezi mfundo yoti boma silisumiridwa pokhapokha litalola lokha. Galimoto ya positi ikakugunda unkapita kwa phungu wako kuti Congress, nyumba ya malamulo ya ku America, ikupangire kalamulo kako kokha kokulipira, wopanda omudziwa ankangosauka. Khoti la Court of Claims la 1855 ndi lamulo la Tucker Act la 1887 zinathandiza a makontirakiti ndi boma, ovulala anatsala panja.

Ndiye kunabwera Loweruka la pa 28 July 1945. Chifunga chinakuta New York, ndege ya asilikali ya B-25 yoyendetsedwa ndi William Smith inasokera pakati pa nyumba zosanjikizana mpaka kukalowa mu Empire State Building cha pa nsanjika ya 79, pomwe panali ofesi ya Akatolika yothandiza ovutika ndi nkhondo. Anthu 14 anafa, atatu mu ndege, 11 m'nyumbamo. Injini imodzi inabowola nyumbayo n'kukagwera padenga la ina, mayi woyendetsa chikepe anagwa nacho nsanjika 75 koma anapulumuka, zovuta kukhulupirira. Ndege ndi ya boma, olira alipo, khoti loti apiteko palibe.

Ambiri amalemba kuti ngoziyi ndi yomwe inabala Federal Tort Claims Act, lamulo lolola anthu kusumira boma likawavulaza kapena kuwaonongera katundu, lomwe pulezidenti Truman anasaina mu August 1946, umboni wawo ndi woti lamulolo linabwerera m'mbuyo kukatenga milandu yoyambira January 1945. Ena amati aaa, biluyi inali itazungulira mu Congress kuyambira m'ma 1920, pulezidenti Coolidge anakana kusaina ina mu 1929, ndipo aphungu anali atangotopa ndi mulu wa madandaulo. Ine ndimaona ngati achiwiriwa ali ndi mfundo, ndege inangokankha ngolo yoyenda kale.

Lamulolo linapereka milanduyi ku makhoti a federal a m'zigawo okha, jaji yekha popanda jury (gulu la anthu wamba logamula mlandu), ndipo umasumira United States osati nthambi ya boma yomwe yalakwa. Masiku ano uyambe wadandaula ku nthambi yomwe yakulakwira pasanathe zaka ziwiri. Koma m'lamulomo munabisala chiganizo choti zomwe ogwira ntchito m'boma asankha mwa nzeru zawo sizisumiridwa.

Chiganizochi chinaluma msanga. Pa 16 April 1947 sitima ya Grandcamp yodzaza feteleza wa pulogalamu ya boma inaphulika ku Texas City, anthu oposa 500 anafa. Mu 1953 khoti lalikulu, majaji 4 kwa 3, linati boma lilibe mlandu, amasiye anabwereranso ku Congress konkuja mpaka inawalipira kudzera m'lamulo la 1955. Banja la ku Atlanta lija nalo mu 2025 khoti lalikulu linalibwezera ku khoti la apilo kuti likaone ngati kuthyola chitseko cholakwika kulinso m'gulu la zosankha mwa nzeru.