Sarah Winchester sankathawa mizimu

Ambiri amakhulupirira kuti Sarah Winchester, yemwe mwamuna wake anali mmodzi mwa eni kampani yopanga mfuti za Winchester ku America, ankamanga chinyumba chake cha ku San Jose, California, usiku ndi usana kwa zaka 38 pofuna kusocheretsa mizimu ya anthu ophedwa ndi mfuti za Winchester. Izi n'zabodza. Makalata ake amasonyeza kuti nthawi zina ankaimitsa amisiri kwa miyezi.

Nanga masitepe othera kudenga ndi zitseko zotsegukira m'malere? Zambiri zinadza ndi chivomezi cha 1906 chomwe chinaononga nsanjika zapamwamba. Mayiyu sanazimangenso, anangotseka malowo. Anamwalira mu 1922, ndipo nthano za mizimu zinakula nyumbayi itatsegulidwa kwa alendo olipira mu 1923.

Zimandiwawa kuti taiwala ndalama zomwe anapereka pomanga chipatala cha odwala chifuwa chachikulu ku Connecticut, matenda omwe anapha mwamuna wake mu 1881.