Dzina Likapanda Kutchulidwa pa Draft ya NFL

Draft ya NFL imachitika kumapeto kwa Epulo ndipo imatenga masiku atatu. Matimu 32 a ligi yaikulu ya mpira wa ku America, uja wosongoka uku ndi uku wosewera atavala zipewa zolimba, amasinthanasinthana kusankha anyamata ochokera m'mayunivesite. Zigawo zake ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo mayina amene amatchulidwa amangopitirira pang'ono 250. Loweruka madzulo dzina lomaliza likatchulidwa, anyamata mazanamazana amatsala atagwira foni m'manja, makolo ndi achibale atawazungulira, chakudya chaphwando chitazizira patebulo.

Pa ntchito yanga yolangiza osewera za makontrakiti, ola limeneli ndi limene ndimatuluka thukuta kwambiri chaka chonse. Foni imayamba kulira chigawo chomaliza chisanathe n'komwe. Aphunzitsi othandizira ndi akazitape a luso a matimu osiyanasiyana amaimba motsatizana, aliyense kunena kuti mnyamatayo amamufuna kwambiri, koma ayankhe pompano chifukwa pali wina amene akudikira malo omwewo. Mnyamata amene mtima ukumuwawa kuti sanasankhidwe amayenera kusankha tsogolo lake m'mphindi khumi kapena zocheperapo. Bambo ake amakhala akumunong'oneza kuti atenge timu yotchuka imene amaionera pa TV. Nthawi zambiri malangizo amenewo ndi olakwika, ndipo chifukwa chake chili m'masamu.

Nyengo yokonzekera, timu iliyonse imaloledwa kukhala ndi osewera 90. Kumapeto kwa Ogasiti, masewero atatu opimana mphamvu akatha, chiwerengerocho chimatsika tsiku limodzi kufika pa 53. Mukachulukitsa ndi matimu 32 mupeza kuti anthu pafupifupi 1,200 amauzidwa kuti alongedze katundu sabata imodzimodziyo. Pali munthu wa m'timu amene amatumidwa kukagogoda pakhomo n'kuuza wosewera kuti mphunzitsi wamkulu akumufuna, abwere ndi tabuleti yake ya maseweredwe. Osewera anam'patsa dzina loti Turk, ndipo akamuona m'khonde aliyense amayang'ana kumbali.

Koma 53 ameneyo asakunamizeni. Malo ambiri amakhala ndi eni ake kampu yokonzekera ligi isanayambe. Pali akatswiri amene timu inawalipira kale mamiliyoni, ndipo pali anyamata amene yangowasankha kumene m'zigawo zoyambirira, amene bwana wa timu sangawachotse popanda kuvomera pagulu kuti analakwitsa. Atatu ndi a ntchito zapadera: womenya mpira kupita kugolo, woumenya m'mwamba kuti upite kutali, ndi wouponya pakati pa miyendo kuwapatsira awiriwo. M'kuona kwanga, malo amene amakhala otsegukadi m'timu yokhazikika mukhoza kuwawerenga ndi zala za m'manja, ndipo amene akuwalimbirana ndi anthu oposa makumi atatu.

N'chifukwa chake funso langa loyamba foni ikalira silikhala la dzina la timu. Ndimatsegula mndandanda wa osewera ake n'kuwerenga amene ali patsogolo pa mnyamata wanga. Ngati iye ndi wolandira mipira, ndipo timuyo ili ndi asanu okhazikika komanso yangosankha wina m'chigawo chachitatu, ndiye kuti akumuitanira kukadzaza mzere pa mapulakatisi, kuti miyendo ya akuluakulu ipume. Timu yofooka imene anthu amaiseka, yokhala ndi okalamba awiri ovulalavulala pa nambala yomweyo, ndiyo yabwino kwa iye. Apa wosasankhidwa amaposa mnzake wotengedwa kumapeto kwenikweni kwa draft: wotengedwayo amapita kumene wauzidwa, pamene uyu amasankha yekha. Kontrakiti yake ndi ya zaka zitatu, osati zinayi, choncho akachita bwino amafika msanga pokambirana malipiro atsopano.

Tony Romo ndi chitsanzo chimene ndimakonda. Anachokera ku Eastern Illinois, yunivesite yaing'ono, ndipo mu 2003 palibe timu inamusankha. Denver Broncos inamulonjeza ndalama zambiri zosainira kuposa Dallas Cowboys, koma iye anapita ku Dallas, kumene kunali Sean Payton, mphunzitsi amene anaphunziranso ku Eastern Illinois ndipo ankamukhulupirira. Anakhala pabenchi zaka zitatu, ntchito yake yooneka n'kumagwirizira mpira womenya kugolo. Mpata unapezeka mu Okutobala 2006 pamene analowa m'malo mwa Drew Bledsoe ngati woponya mipira wamkulu wa timuyo, ndipo anatsogolera timuyo zaka pafupifupi khumi. Munthu mmodzi m'chipinda cha aphunzitsi amene angakutchule dzina pa tsiku lodula mayina amalemera kuposa madola masauzande angapo.

Ndalamazo tizikambe bwino, chifukwa ndi pamene mabanja amapusitsika. Mu 2025 malipiro otsikitsitsa a wosewera wa chaka choyamba anali $840,000. Nambala imeneyi imalembedwa pa kontrakiti ya aliyense, ndipo achibale akaimva amayamba kuwerengera nyumba ndi magalimoto. Koma malipirowo amayamba kuwerengedwa ligi ikayamba mu Sepitembala, ndipo wochotsedwa mu Ogasiti saona kalikonse kupatula kandalama ka m'kampu ndi zimene zinalembedwa kuti ndi zotsimikizika. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Mzere umene ine ndimawerenga ndi wa ndalama zotsimikizikazo. Ligi inaika malire pa ndalama zosainira zimene timu ingagawire anyamata osasankhidwa onse pamodzi, ndiye matimu akafuna munthu kwambiri amatsimikizira gawo la malipiro ake a pachaka. Timu ikatsimikizira $200,000, ikunena mosabisa kuti ikufuna kumusunga, pa 53 paja kapena pagulu la mapulakatisi, la osewera amene sali pa 53 koma timu imawasunga kuti azichita nawo mapulakatisi. Ikapereka $2,000 ndi tikiti ya ndege, ikunena kuti tikaonana konko.

Ena salandira n'komwe kontrakiti. Amangoitanidwa ku kampu ya masiku atatu ya osewera atsopano mu Meyi kuti akayesedwe, ndipo ambiri amabwerera kwawo Lamlungu. Malcolm Butler wa ku West Alabama analowa pakhomo limeneli ku New England Patriots mu 2014. Pa 1 Febuluwale 2015, kutatsala masekondi pafupifupi makumi awiri kuti Super Bowl, masewero omaliza olimbirana chikho cha ligi, ithe, anawakha mpira umene Russell Wilson wa Seattle Seahawks anaponyera mnzake pamzere wa golo, ndipo Patriots inagonjetsa Seattle Seahawks 28 kwa 24. Nkhani ngati imeneyi imakoma kuifotokoza, koma ndimaopa anyamata akamaitenga ngati njira yodutsamo aliyense.

Njira imene ambiri amadutsamo ndi yafumbi. Wosewera wa nambala 50 kapena 52 pa mndandanda salowa kawirikawiri timu ikamaukira kapena kutchinga. Amadyera pa magulu a mipira yomenyedwa, amene ku America amawatchula special teams: kuthamanga bwalo lonse kukagwetsa wolandira mpira, kapena kutchinga adani kuti mnzake adutse. Ndi ntchito yopweteka thupi, ndipo amene anali nyenyezi ku yunivesite amakhala asanaigwirepo chifukwa aphunzitsi awo ankawasunga. Ndimauza aliyense kuti tsiku loyamba akapeze mphunzitsi wa magulu amenewa, akamupatse moni, n'kumupempha kuti amuike paliponse. Adam Thielen anayambira pomwepo. Anayesedwa ku Minnesota Vikings mu 2013, anachotsedwa kumapeto kwa kampu, anatha chaka chonse pagulu la mapulakatisi, ndipo mu 2014 analowa pa 53 chifukwa cha mipira yomenyedwayo. Anthu anadzamudziwa ngati wolandira mipira wapamwamba patapita zaka zina ziwiri kapena zitatu.

Chinanso chimene chimagwetsa anyamata aluso ndi mutu. Buku la maseweredwe a timu ya NFL ndi lalikulu, mawu ake ndi achilendo, ndipo pa mapulakatisi wosasankhidwa amapatsidwa mipata yochepa kwambiri, mwina isanu kapena isanu ndi umodzi pa tsiku, pamene wosankhidwa m'chigawo choyamba akubwereza kambirimbiri. Wosankhidwayo akalakwitsa amati akuphunzira. Wosasankhidwa akaima malo olakwika kawiri, mphunzitsi amasiya kumuyang'ana. Kuvulala nako n'chimodzimodzi: mnofu wa ntchafu ukakoka mu Julaye, masabata awiri okhala panja amakwana kuti wina atenge malowo.

Pali mbali imodzi imene masamu amamukomera. Timu iliyonse ili ndi malire a ndalama zolipira osewera onse, ndipo mu 2025 anali $279.2 miliyoni. Wosewera wakale, ngakhale wa pabenchi, malipiro ake otsikitsitsa ndi okwera kuposa a watsopano, komanso amene wakwanitsa zaka zinayi akakhala pa mndandanda sabata yoyamba ya ligi, malipiro ake a chaka chonse amakhala ngati atsimikizika. Choncho awiri akafanana mphamvu, timu imakonda wamng'ono ndi wotchipa.

Kuchotsedwa pa tsiku lodula mayina sikutseka nkhani. Dzina la wosewera wachinyamata limaikidwa pamndandanda umene matimu ena 31 amauona, ndipo pofika mawa lake iliyonse ikhoza kumutenga, yoyamba kusankha ikhala imene inachita moipa chaka chatha. Ichi n'chifukwa chake masewero opimana mphamvu, amene owonera ambiri amawaona ngati otopetsa, ndi ofunika kwa anyamatawa: kanema wake amafika kwa matimu onse. Akapanda kutengedwa, akhoza kusaina pagulu la mapulakatisi, limene limakhala ndi osewera 16 pa timu, kuphatikizapo malo amodzi owonjezera a wosewera wochokera kunja kwa America. Mu 2025 wachinyamata pagulu limeneli ankalandira $13,000 pa sabata, kutanthauza $234,000 akakhalapo masabata onse 18. Timu ikhoza kumukweza kuti asewere masewero enieni mpaka katatu, ndipo timu ina iliyonse ikhoza kumulanda bola imuike pa 53 yake. Ikhozanso kumuchotsa Lachiwiri lililonse. Kwa anyamata ambiri amene ndimawalangiza, cholinga chenicheni cha chaka choyamba ndi gulu limeneli, ngakhale sindinena choncho pamaso pa mayi awo usiku wa draft.

James Harrison wa ku Kent State sanasankhidwe mu 2002. Pittsburgh Steelers inamuchotsa kangapo, Baltimore Ravens inamutumiza kukasewera ku Germany kenako n'kumuchotsanso. Mu 2004 wotchinga wa Steelers Clark Haggans atavulala dzanja kampu ili pafupi, Steelers inafuna munthu wodziwa kale maseweredwe ake, ndipo inamuimbiranso foni. Pofika 2008 anali wotchinga wopambana mu ligi yonse. Mnyamata akachotsedwa n'kubwera kwa ine atagwa mphwayi, ndimamuuza zinthu ziwiri zokha: asasiye kulimbitsa thupi, ndipo foni isazime, chifukwa matimu amayesa osewera atsopano pafupifupi Lachiwiri lililonse, ovulala a Lamlungu akangodziwika.