Aston Martin DB5 Si Ntchito ya Angelezi Okha

Mu 2023, pamene galimoto ya Aston Martin DB5 inkakwanitsa zaka 60, anthu ambiri ankaitamanda kuti ndi luso la Angelezi okhaokha. Maganizowa ndi akalekale, koma ndi olakwika.

N'zoona kuti galimotoyi inkapangidwira ku Newport Pagnell ku England, kuyambira 1963 mpaka 1965. Koma maonekedwe ake, omwe anthu amawagomera kwambiri, anachokera ku kampani ya Carrozzeria Touring ya ku Milan, ku Italy. Njira yopangira bodi inalinso yawo, yotchedwa Superleggera: amisiri ankawotcherera timapaipi tachitsulo topyapyala n'kupanga chimango, kenako n'kuchikuta ndi malata a aluminiyamu kuti galimoto ipepuke. Dzina la Superleggera limaoneka pa boneti pomwepo, kungoti ambiri salilabadira.

Injini yake ya malita 4 ndi masilinda 6 anaikonza ndi Tadek Marek, injiniya wa ku Poland. Giyabokosi ya magiya 5 inkachokera ku kampani ya ZF ya ku Germany.

Nanga Angelezi? Musawapeputse. Manja awo ndi amene ankasula malatawo ndi kusoka mipando yachikopa, ndipo zilembo za DB m'dzina la galimotoyi zikuimira David Brown, mwini fakitale ya mathirakitala amene anagula kampani ya Aston Martin mu 1947.