Nambala ya pa injini ndi mkangano wa ma muscle car enieni ndi ongofanizira

Magalimoto a ku America otchedwa muscle car anatchuka kuyambira mu 1964, pamene akatswiri a Pontiac, kuphatikizapo John DeLorean, anaika injini ya V8 ya malita 6.4 m'galimoto yapakatikati n'kuitcha GTO. General Motors, kampani imene inali mwini wa Pontiac, inkaletsa injini yoposa malita 5.4 m'magalimoto a msinkhu umenewo, choncho GTO inkagulitsidwa ngati zowonjezera zimene wogula Pontiac LeMans ankaitanitsa. Chrysler nayo inatulutsa injini ya 426 Hemi yoyenda pamsewu mu 1966.

Nyengoyi sinakhalitse. Inshuwalansi inakwera, lamulo loletsa utsi la 1970 linafooketsa mainjini, kenaka mafuta anasowa mu 1973. Hemi inalekeka mu 1971. Ambiri mwa magalimotowa anathera m'mipikisano, mainjini ake anaphulika n'kusinthidwa, ena dzimbiri linawadya. Achinyamata a nthawiyo atakula n'kupeza ndalama anayamba kuwafunanso, koma enieni anali atatsala ochepa. Mu 2014, Plymouth Hemi 'Cuda ya 1971 yotsegula denga, galimoto ya Chrysler ya injini ya Hemi, inagulidwa pa madola 3.5 miliyoni pa okushoni ya Mecum ku Seattle.

Mkangano unayambira pamenepa. LeMans wamba itha kuvekedwa zizindikiro za GTO, Chevrolet Chevelle wamba n'kusanduka Chevelle yamphamvu yotchedwa SS 454, ndipo ndi maso simungasiyanitse. Kupanga yofanizira n'kunena poyera si mlandu. Kuigulitsa ngati yeniyeni ndi kuba.

Ndiye ogula amafufuza manambala. Pa magalimoto a Chrysler a 1970 ndi 1971, chilembo chachisanu cha VIN, nambala yozindikiritsa galimoto iliyonse, chikakhala R, galimotoyo inatuluka kufakitale ndi Hemi. Chevelle ya 1970 ndi yovuta, chifukwa VIN yake sinena ngati ndi SS. Pamafunika pepala la kufakitale, lomwe nthawi zambiri limapezeka litachita chikasu m'masipuling'i a mpando kapena pamwamba pa thanki ya petulo. GTO ya 1964 ndi 1965 imatsimikizidwa ndi zikalata za Pontiac Historic Services, pomwe ma Ford a kuyambira 1967 ali ndi Marti Report, chikalata chosonyeza mmene galimoto inatulukira kufakitale.

Kuyambira 1968, mbali ina ya VIN inkadindidwanso pa injini. Pa V8 ya Chevrolet imakhala pa kachitsulo kosalala kutsogolo kwa buloko (thunthu la injini), mbali yakumanja. Apa m'pamene zinthu zimawonongekera: amakaniko akamapala pamwamba pa buloko pokonza injini, nambalayo imafufutika, ndipo mtengo wa galimoto umatsika ngakhale injiniyo ndi yake yomwe. Mwini ayenera kuwauziratu kuti malowo asawakhudze. Achinyengo amapala dala n'kudinda nambala ina, koma timizere tating'ono timene makina a kufakitale ankasiya pachitsulocho n'tovuta kutitengera, ndipo odziwa amatiyang'ana ndi galasi lokulitsa asanakambe za mtengo.