Tuvalu: mbiri ya dziko lomwe likukweza nthaka yake

Ku Funafuti, likulu la dziko la Tuvalu, madzi osefukira sachokera kugombe kokha. M'miyezi ya February ndi March, nyanja ikadzaza kufika pachimake, madzi amchere amatumphuka pansi pakati pa mudzi, m'mabwalo a nyumba ndi m'mbali mwa bwalo la ndege, dzuwa likuswa mtengo, popanda ndi dontho lomwe la mvula. Zilumbazi ndi mchenga ndi zibenthu za miyala ya korali, yomwe imapangidwa ndi tizamoyo ta m'nyanja ndipo ili ndi timabowo paliponse, choncho nyanja ikakwera kunja, madzi a pansi pa nthaka nawonso amakwera. Khoma lingatalike bwanji silitchinga madzi otumphuka pansi, ndipo zonse zimene dzikoli lachita pokonzekera kusintha kwa nyengo zimayambira pa vuto limeneli.

Tuvalu ndi zilumba zisanu ndi zinayi za m'nyanja ya Pacific, pakati pa Hawaii ndi Australia. Mtunda wonse ukaphatikizidwa ndi masikweya kilomita 26, kukulirapo kuposa chilumba cha Likoma, ndipo malo okwera kwambiri safika mamita 5 kuchokera pa madzi. Anthu alipo pafupifupi 11,000, oposa theka ali ku Funafuti, pa kachilumba kowonda ka Fongafale komwe pena mulifupi mwake ndi mamita 20 okha. Dzikoli lidalandira ufulu kuchokera kwa Britain pa 1 October 1978. Kale linkatchedwa Ellice Islands.

Kutsika kwa Fongafale si kwachilengedwe kokha. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, asilikali a America adafika mu 1942 n'kumanga bwalo la ndege. Adakwirira madambo ndi minda, ndipo miyala yokwiririra adaikumba pachilumba pomwepo, n'kusiya maenje akuluakulu. Kwa zaka zoposa 70 maenjewo ankadzaza madzi amchere nyanja ikakwera. Anthu atachuluka adamanga nyumba za m'mwamba ndi makola a nkhumba m'mphepete mwake, ndipo zinyalala zinkathera momwemo. Mu 2015, ndi ndalama za New Zealand, maenje khumi adakwiriridwa ndi mchenga wopopedwa pansi pa nyanja yabata yomwe zilumba za Funafuti zidaizungulira. Malo oti anthu n'kugwiritsa ntchito adawonjezeka ndi 8 pa 100 alionse. Phindu lina lalikulu linali phunziro lakuti mchenga wokwanira ulipo pakhomo pomwepo, osafunika kuitanitsa miyala ku Fiji pa sitima.

Anamondwe nawo adasiya mbiri yosokoneza. Namondwe Bebe wa mu October 1972 adagwetsa pafupifupi nyumba zonse ku Funafuti, koma usiku womwewo adaunjika chimtumbira cha zibenthu za korali chotalika makilomita oposa 15 kumbali ya mafunde aakulu. Namondwe Pam wa mu March 2015 adadutsa kutali, komabe mafunde ake adasamutsa anthu pafupifupi theka la dziko, adawononga minda, ndipo pa chilumba cha Nui adafukula manda. Mu 2018 akatswiri a pa yunivesite ya Auckland, motsogozedwa ndi Paul Kench, adayerekeza zithunzi za m'mlengalenga za kuyambira 1971 mpaka 2014 n'kupeza kuti mtunda wa Tuvalu udakula ndi pafupifupi 3 pa 100, ngakhale nyanja inkakwera mamilimita pafupifupi 4 pa chaka. Nduna yaikulu ya nthawiyo, Enele Sopoaga, sadakondwe nazo. Ifenso tikuona kuti anali ndi mfundo. Mulu wa zibenthu zoponyedwa ndi mafunde ndi mtunda pa chithunzi, koma sungalimepo kapena kukumbapo chitsime, ndipo kukula m'mbali sikukweza pakati pa chilumba pomwe anthu amagona.

Chomwe chimayamba kuvuta ndi madzi akumwa. Pa zilumba zotere madzi a mvula amalowa pansi n'kuyandama pamwamba pa madzi amchere, ndipo zitsime zimadalira kagawo kopyapyala kameneka. Ku Fongafale kagawoka kadaonongeka kale ndi mchere komanso zimbudzi zodontha, moti banja lililonse limadalira denga lamalata, mipopi ya m'mphepete mwa denga, ndi thanki. Mvula imagwa yambiri, mamilimita pafupifupi 3,500 pa chaka, ndipo milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi ya denga imapereka lita imodzi. Vuto ndi posungira. Thanki ya malita 10,000, banja likamatunga malita 200 pa tsiku, imauma m'masiku 50. Nthawi zambiri madzi amatayikira pa mpopi wothyoka kapena wotsekeka ndi masamba, osafika n'komwe m'thankimo. Mu September 2011 chilala chitakula, boma lidalengeza za ngozi, mabanja ku Funafuti ankalandira ndowa ziwiri patsiku, ndipo New Zealand ndi Australia adatumiza pa ndege makina ochotsa mchere m'madzi. Makinawa amathandiza, koma amafuna dizilo kapena magetsi a dzuwa, sefa zake zimatha, ndipo kachitsulo kamodzi kakaonongeka pa chilumba chakutali amadikira sitima masabata. N'chifukwa chake adayambitsanso zimbudzi zosafuna madzi, zomwe amazitcha falevatie. Pulaka, mbewu yofanana ndi koko yomwe amaibzala m'maenje ofika pa madzi apansi, imawola mchere ukalowa, ndipo m'zilumba zina ayesa kuibzala m'maenje omangidwa ndi simenti.

Ntchito yaikulu yoteteza magombe idayamba mu 2017, ndi madola a America 36 miliyoni ochokera ku Green Climate Fund, thumba lothandiza mayiko pa za kusintha kwa nyengo, mothandizidwa ndi UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko. Asanakumbe chilichonse adayamba ayeza. Mu 2019 ndege idawuluka pamwamba pa zilumba zonse ndi makina oyeza kukwera kwa nthaka ndi kuya kwa madzi, ndipo kwa nthawi yoyamba boma lidadziwa bwino malo omwe adzayambe kumira. Kenako ku Fongafale, kumbali ya nyanja yabata, adayala matumba akuluakulu a nsalu yolimba odzazidwa mchenga kuti akhale mpanda. Chombo chokumba chidapopa mchenga pansi pa nyanja n'kuuthira m'kati mwa mpandawo kudzera m'mapaipi, madzi n'kumatuluka, mchenga n'kumatsala, makina n'kumausalaza ndi kuutsendera. Pofika kumapeto kwa 2023 padali malo atsopano okwana mahekitala 7 ndi pang'ono, mamita 100 mulifupi, okwezedwa kuti madzi asawafike ngakhale chitadutsa chaka cha 2100.

Njirayi ili ndi zovuta zake. Malo atsopano akakwera kuposa mudzi wakale, madzi a mvula amasowa kolowera, choncho ngalande ziyenera kumangidwa nthawi yomweyo. Kukumba kumavundula matope, ndipo matope akakuta korali amafa, nsomba n'kuthawa. Matumba aja amang'ambika ndi dzuwa komanso zinthu zakuthwa, ndiye amafunika kuyenderedwa. Makoma akale a miyala yomangidwa m'mawaya sadakhalitse chifukwa waya amachita dzimbiri m'madzi amchere, ndipo khoma loongoka limabweza funde lomwe limakokolola mchenga wa patsinde pake mpaka khomalo kugwa. Ku zilumba za Nanumea ndi Nanumaga, komwe vuto ndi mafunde a namondwe olumpha gombe, adasankha kukweza mtumbira wa kugombe ndi matumba okwiriridwa mumchenga n'kubzalapo zomera. Dongosolo la nthawi yaitali lomwe boma lidalengeza mu 2022 likufuna malo okwezedwa okwana masikweya kilomita 3.6 ku Funafuti, oti anthu a dziko lonse n'kukhalapo. Mahekitala 7 ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 50 a malo amenewo, ndipo ndalama zake dziko la anthu 11,000 silingazipeze palokha.

Mbali ina ya kukonzekera ikuchitika pa mapepala a malamulo. Chuma cha boma chimadalira kwambiri ziphaso zogulitsa kwa zombo zakunja zopha nsomba za tuna m'dera la nyanja la masikweya kilomita pafupifupi 750,000. Malire a derali amayezedwa kuchokera kugombe, ndiye gombe likamira, nanga malirewo? Mu 2021 atsogoleri a Pacific Islands Forum, bungwe la mayiko a m'nyanja ya Pacific, adagwirizana kuti malire olembetsedwa kale sadzasunthanso. Chaka chomwecho nduna yoona za kunja, Simon Kofe, idalankhula kudzera pa kanema ku msonkhano wa za nyengo wa COP26 itaimirira m'madzi ofika m'mawondo. Mu 2023 Tuvalu idasintha malamulo ake aakulu n'kulembamo kuti dzikolo lidzakhalapo mpaka muyaya ngakhale mtunda utatayika, ndipo mu July 2025 khoti la dziko lonse la ku The Hague lidanena kuti kutayika kwa mtunda sikutanthauza kuti dziko latha.

Mkangano wowawa uli pa kusamuka. Si chinthu chachilendo, pakuti mu 1947 anthu a pa chilumba cha Vaitupu adayamba kukakhala pa chilumba cha Kioa ku Fiji, chomwe adachigula ndi ndalama zomwe adapeza pogwirira ntchito asilikali a America. Koma apo adasankha okha, ngati mudzi. Mu November 2023 nduna yaikulu Kausea Natano ndi Anthony Albanese, nduna yaikulu ya Australia, adasaina pangano la Falepili Union, lolola anthu 280 pa chaka kukakhala, kugwira ntchito ndi kuphunzira ku Australia, ndi ufulu wobwerera kwawo. Ndime yachinayi idati Tuvalu izigwirizana kaye ndi Australia isanapangane ndi dziko lina pa za chitetezo. Sopoaga ndi ena adati uku n'kugulitsa ufulu wa dziko, ndiponso anthu sadafunsidwe. Pa chisankho cha January 2024 Natano adataya mpando wake. Boma la nduna yaikulu yatsopano, Feleti Teo, lidakambirananso ndi Australia za tanthauzo la ndimeyo, pangano n'kuyamba kugwira ntchito mu August 2024.

Mayere oyamba osankha anthu 280 opita ku Australia atatsegulidwa mu June 2025, maina oposa 8,000 adalowa, kuphatikizapo ana ndi a Tuvalu okhala kunja. Palibe angadzudzule kholo lofunira mwana wake sukulu ndi chipatala chabwino. Nkhawa yathu ili pa omwe angapite: anthu 280 pa chaka ndi 2,800 m'zaka khumi, munthu mmodzi mwa anayi alionse, ndipo pakati pawo padzakhala anamwino, aphunzitsi ndi amakaniko okonza makina a madzi aja, omwe dziko lomanga malo atsopano likuwafuna kwambiri.